Mafunso ndi Mayankho: Nyumba Zosungiramo Zombo za Kumwezi

FUNSO: Ana a sukulu yathu amva kuti kumaiko akutali kuli nyumba zimene anthu amakaonako zombo zomwe zinapita kumwezi. Kodi mwambo umenewu unayamba bwanji? — Mphunzitsi, Kasina, Dedza.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, Aphunzitsi, pakuti akulu adati safunsa anadya phula.

A ku Russia ataponya chipangizo chotchedwa Sputnik mumlengalenga m'chaka cha 1957, ndiponso Yuri Gagarin atazungulira dziko lapansi pa 12 Epulo 1961, a ku America, posafuna kutsalira m'mbuyo, analumbira kuti adzaponda mwezi. Ndipo lumbirolo linakwaniritsidwa pa 20 Julaye 1969, pamene Neil Armstrong ndi Edwin Aldrin anatsikirako, mnzawo Michael Collins akuwadikira m'chombo chotchedwa Columbia.

Ponyamuka, chombo chonsecho chinali chotalika mamita 110; koma popeza chigawo chilichonse chinkatayidwa mafuta ake akatha, chimene chinabwerera ndi kugwera m'nyanja ya Pacific pa 24 Julaye chinali kachipinda ka amuna atatuwo kokha, kofanana msinkhu ndi nkhokwe ya chimanga, kunsi kwake kutapserera ndi moto wobadwa pokhulana ndi mpweya. Pozindikira kuti mbadwo wosaona udzakayika, monga Yoswa anaimika miyala ya mu Yordano kuti ana akadzafunsa adzauzidwe, boma linapereka kachipindako ku bungwe la Smithsonian m'chaka cha 1971, ndipo pa 1 Julaye 1976 nyumba ya bungweli yotchedwa National Air and Space Museum inatsegulidwa ku Washington. Mlendo wolowamo amaona zipserazo ndi maso ake, nakhudza ndi chala chake kamwala kamene a paulendo wina wotchedwa Apollo 17 anakatola kumwezi m'chaka cha 1972. Nako kachipinda ka Gagarin kakusungidwa ku Korolev, pafupi ndi Moscow.

Washington ndi kutali, koma nzeru yosunga umboni si yachilendo kwathu kuno. M'mapanga a Chongoni, m'boma lanu lomwelo la Dedza, muli zojambula za makolo zimene UNESCO inazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Tengani anawo mukawaonetse zimenezi, kuti aphunzire adakali aang'ono kulemekeza ntchito za amene anawatsogolera.