Burt Munro, makanika amene adakalamba ndi njinga imodzi

Kumwera kwenikweni kwa dziko la New Zealand, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa ndipo nkhosa zimachuluka kuposa anthu, kuli mzinda wa Invercargill. Ndipo mlendo akalowa m'sitolo ya zitsulo ya E. Hayes and Sons mumzindawo, adzapeza pakati pa misomali, nyundo ndi macheka njinga yamoto yakalekale imene anthu amadzera kutali kudzaiona. Mwini wa njingayo adali a Herbert James Munro, odziwika ndi dzina lakuti Burt, munthu wakumudzi amene sadalowe sukulu ya zomangamanga, koma adautsa liwiro lodabwitsa dziko m'chitsulo chimene ena akadataya kudzala.

A Munro adabadwa pa 25 Malichi 1899, nakulira pa famu ya makolo ao ku Edendale, kum'mawa kwa Invercargill. Khasu ndi ziweto sizidawagwire mtima, pakuti kuyambira ali mnyamata chimwemwe chao chidali kuthamangitsa kavalo waliwiro koposa onse pafamupo, ngakhale atate ao sadakondwere nako. Atakula adakagwirako ntchito yoboola phiri ku Otira kuti sitima idutse, adakhalako ku Australia kumene ankapikisana pa njinga zamoto, ndipo atabwerera kwao m'masiku a umphawi waukulu wa dziko lonse, adayamba kugulitsa ndi kukonza njinga zamoto.

M'chaka cha 1920, ali ndi zaka 21, adagula njinga ya mtundu wa Indian Scout, yopangidwa ku Springfield m'dziko la America, ya injini ya 600cc, imene ikathamanga ndi mphamvu zake zonse inkafika makilomita 89 pa ola. Liwiro limenelo lidakwanira ena onse, koma iwo ayi. Choncho mu 1926 adayamba kuimasula, ndipo kuyambira pamenepo kufikira ukalamba wao manja ao sadaume girizi. Njinga zatsopano zidabwera chaka ndi chaka, zokongola ndi zamphamvu, koma mkuluyu adasunga mau a akulu akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Popeza ndalama zidali zowavuta, chimene sakadatha kugula ankachipanga okha. Mapisitoni ankawaumba posungunula zitsulo zakale ndi kuzithira m'zitini. Masilinda ankawasema kuchokera ku mipope yachitsulo yotayidwa. Ndodo zolumikiza pisitoni ankazicheka pa ekiselo ya thirakitala, nazipala ndi tupa usiku ndi usana kufikira zitafika pa msinkhu wake. Ndipo pamene amisiri a m'mafakitale ali ndi zida zodula zoyezera makulidwe a chitsulo, iwo ankayeza ndi sipoko yakale. Mavalavu amene eni kampani adawaika m'mbali mwa injini, a Munro adawasamutsira pamwamba, nakulitsa injiniyo pang'onopang'ono kufikira 950cc, naiveka njinga yonse chigoba chosalala kuti mphepo isaigwire. Nkhondo yachiwiri itatha, banja lao litapasuka, adasiya ntchito yolembedwa nakhala m'galaja momwemo, bedi pambali pa makina, kotero kuti malo ogona ndi malo osulira adasanduka amodzi.

Injiniyo idaphulika kambirimbiri poiyesa m'misewu yakumidzi ndi pa mchenga wa gombe la Oreti, ndipo mwini wake adagwa ndi kuvulala kosawerengeka. Koma pisitoni yosweka sankaitaya: ankaiika pa alumali pamodzi ndi zinzake, pamene padalembedwa mau akuti zimenezo ndi nsembe kwa mulungu wa liwiro. M'nthabwala imeneyo mudabisala nzeru yonse ya umisiri wao, pakuti chitsulo chilichonse chothyoka chinkawauza pamene chidafookera, ndipo iwo ankamva, nabwerera ku ng'anjo kukaumba china. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Misewu ya kwao itaichepera njingayo, adaponya maso ku Bonneville, m'chigawo cha Utah ku America, chigwa cha mchere choyera ndi chathyathyathya chimene chidatsala nyanja yakale itaphwa, kumene akatswiri a liwiro amasonkhana chaka chilichonse. Adasunga tindalama tao, nakweza njinga m'sitima yapamadzi, nagula chigalimoto chakutha choikokera. Ndipo anthu a kumeneko, ozolowera makina onyezimira a anthu olemera, poona nkhalamba ya zaka 63 ikutsitsa chinjinga cha m'masiku a agogo ao, adayamba ndi kudabwa, natsiriza ndi kuithandiza. Chaka chimenecho, 1962, a Munro adathamanga makilomita 288 pa ola, liwiro limene panalibe adalifikapo pa gulu la njinga zotero.

Chimake cha ntchito yao chidadza pa 26 Ogasiti 1967, iwo ali ndi zaka 68, njinga ili ndi zaka 47, mtima wao utayamba kale kuwavuta. Lamulo la kumeneko lidali lakuti munthu athamange kawiri, kupita ndi kubwerera, ndipo oyeza atenge liwiro lapakati, kuti mphepo isakondere aliyense. Atagona chafufumimba m'chigoba chopanikiza, nkhope pafupi ndi mchere, kutentha kwa injini kuli pamiyendo, a Munro adalembedwa makilomita 295 pa ola pa gulu la njinga zachigoba zosapitirira 1000cc. Ndipo pa ulendo umodzi woyesera adapitirira makilomita 305 pa ola. Pa gulu limenelo palibe amene wawaposa kufikira lero.

Matenda a sitiroko atawagwira mu 1977, adagulitsa njinga zao kwa bwenzi lao a Norman Hayes kuti zisachoke m'dera la kwao, ndipo pa 6 Januwale 1978 adatsikira kuli chete ali ndi zaka 78. Mbiri yao idafalikira dziko lonse mu 2005 ndi kanema wa The World's Fastest Indian, momwe a Anthony Hopkins adasewera ngati iwo. Ndipo kuyambira 2006 okwera njinga zamoto amasonkhana ku Invercargill pa mpikisano wa Burt Munro Challenge, nathamanga pa mchenga womwewo wa Oreti.

Koma nkhani ya liwiro lao inali isanathe. Mu 2014 mwana wao wamwamuna, pofufuza mapepala a mu 1967, adapeza kuti oyeza adaphonya masamu, ndipo bungwe la American Motorcyclist Association lidavomera, nalemba chikalata chatsopano chonena kuti liwiro lenileni lidali makilomita 296 pa ola. Motero makanika amene adatha moyo wake wonse akufunafuna kilomita imodzi yowonjezera adaipatsidwa patatha zaka 36 ali m'manda.