Buku la Bwana: Kuchokera pa Thangata Kufika pa Lamulo la 2021

Mawu akuti thangata sanabadwe ndi mbiri yoipa. Makolo athu ankathangatana: wina ntchito ikamukulira kumunda, anansi ankabwera ndi makasu, ndipo mfumu nayo anthu ake ankailimira mwaulemu. Koma tchulani mawuwa pamaso pa agogo a ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Chiradzulu, muona nkhope ikusintha. Kwa iwo thangata ndi ntchito yokakamiza, yolipirira dothi lomwe munthu wamangapo nyumba. Mbiri ya malamulo a ntchito m'minda ikuluikulu ya dziko lino imayambira pamenepo, ndipo ndikaitsata chaka ndi chaka ndimangokumana ndi funso limodzimodzi: buku lowerengera masiku ndi ngongole lili m'manja mwa yani?

Dziko litagwa m'manja mwa Angerezi mu 1891, mkulu wa boma la atsamunda Harry Johnston anapatsa azungu ndi makampani awo zikalata za umwini wa malo aakulu kum'mwera. Zikalata zambiri zinkanena kuti midzi yomwe inalipo kale isasokonezedwe. Chitetezo chimenechi sichinakhudze Alomwe, omwe ankawoloka malire mwaunyinji kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwo anafika ngati alendo pa malo a mwini, ndipo eni minda ya khofi, thonje ndi fodya anapeza chomwe ankasowa: manja. Mlendo ankaloledwa kumanga ndi kulima, koma azigwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, makamaka nthawi ya dzinja, pomwe munda wake womwe unkafuna khasu.

Pa pepala, miyezi iwiri si yambiri. Vuto linali pa tikiti. Wantchito ankapatsidwa kapepala komwe kapitawo ankachongapo tsiku lililonse, ndipo tsiku linkachongedwa pokhapokha ndime yomwe munthu wapatsidwa itatha. Ndime ikakhala yaikulu, munthu ankaweruka dzuwa litalowa tikiti ili yosachonga, mawa n'kuyambiranso. Mwezi unkatambasuka mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira, ndipo wodandaula ankauzidwa kuti asamuke. Ku Magomero, pa minda ya A.L. Bruce Estates, woyang'anira wake William Jervis Livingstone anatchuka ndi nkhanza zotere, komanso ndi kutentha matchalitchi omwe anthu a John Chilembwe ankamanga pamalopo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe ataukira, Livingstone anali m'gulu la oyamba kuphedwa. Bungwe lomwe boma linakhazikitsa kuti lifufuze nkhaniyi linavomereza kuti anthu pa mindayo ankazunzidwa, ndipo zambiri zinkachitika mosemphana ndi malamulo a atsamunda eni ake.

Zitatero malamulo anayamba kugwa ngati mvula. La 1917 linafuna kuti lendi izilipidwa ndi ndalama, koma eni minda analizemba poopseza anthu ndi kuwathamangitsa. La 1928 linalola kulipira ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, n'kupatsanso mwini munda mpata wochotsa ena mwa anthu ake pakatha zaka zisanu zilizonse. Kunabwera kafukufuku wa Sidney Abrahams pa nkhani za malo mu 1946, boma n'kuyamba kugula malo ena kuti likhazikepo anthu. Kunabwera lamulo lina mu 1952, ndipo chaka chotsatira ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe anthu anaferapo. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, ufulu uli pakhomo.

Koma pomwe kum'mwera ankalimbana ndi thangata, m'chigawo chapakati munali mutamera kale mphukira ina. Kuyambira m'ma 1920, eni minda A.F. Barron ndi R.W. Wallace ankalimitsa fodya cha ku Lilongwe pogwiritsa ntchito anthu obwera nyengo imodzi, omwe ankapatsidwa munda ndi zipangizo, n'kugulitsa fodya wawo kwa mwini malo yekha. Awa ndiwo matenanti. Ufulu utabwera, njirayi inakula kwambiri. Lamulo la mbewu zapadera la 1963 linachititsa kuti fodya wa bale ndi wa fuluu azilimidwa ndi okhawo a chiphaso, kutanthauza eni maesiteti, ndipo m'ma 1970 maesiteti anafalikira ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi. Tsopano bwana sanalinso mzungu. Anali nduna, mkulu wa chipani, wamalonda, Mmalawi mnzathu. Mabungwe a antchito anali atatsekedwa pakamwa, ndipo wodandaula analibe kolowera.

Amene anakhalako pafupi ndi esiteti amadziwa mmene chaka cha tenanti chimayendera. Lole imakamutenga kwawo, kawirikawiri m'maboma omwewo a kum'mwera komwe malo anatha kalekale, ndipo mtengo wa ulendowo ndiwo mzere woyamba m'buku. Tini ya chimanga, mchere, khasu, feteleza, mankhwala a ku nazale, ndalama yopitira kuchipatala mwana akadwala malungo, zonse zimalembedwa pa mtengo womwe bwana wanena. Miyezi isanu ndi inayi banja lonse lili pa ntchito: kuthirira nazale m'bandakucha, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka masamba ndi kuwapachika m'chigafa. Fodya akauma, bwana yemweyo ndiye amaika giredi, amayeza pa sikelo yake, n'kutchula mtengo. Kenako amatsegula buku n'kuyamba kuchotsera. Ndinaonapo bambo wina atakhala pa thumba lopanda kanthu kunja kwa chigafa, akuyang'ana manambala omwe sankatha kuwawerenga, atauzidwa kuti chaka chonsecho wagwa nayo ndipo akuyenera kutsala nyengo ina kuti abweze ngongole. Mkazi wake ndi ana ake atatu, omwe manja awo anali akuda bii ndi utomoni wa fodya, m'bukumo munalibe ndi dzina lawo lomwe.

Ulamuliro wa zipani zambiri unabwera ndi malamulo abwino ndithu. Malamulo aakulu a dziko a 1994 analetsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza m'gawo 27, ndipo m'gawo 31 anapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulowa bungwe la antchito. Mu 1996 kunabwera lamulo lomwe linakhazikitsa khoti la milandu ya pantchito, mu 1997 la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, ndipo mu 2000 lamulo lalikulu la ntchito pamodzi ndi la chipukuta misozi kwa ovulala. Lamulo la 2000 linanena zomveka: mwana wosakwana zaka 14 asalembedwe ntchito, wosakwana 18 asapatsidwe ntchito yoopsa, sabata isapitirire maola 48 popanda malipiro owonjezera, mayi woyembekezera apume masabata asanu ndi atatu akulandira. M'minda ya tiyi ndi ya nzimbe, komwe anthu amalembedwa ndi kulandira pa mwezi kapena pa masabata awiri, malamulowa anapeza pogwira. Tenanti anatsalira panja. Eni minda ankati iyeyu si wantchito koma mnzawo pa malonda, ndipo bilu yoti iteteze matenanti, yomwe inalembedwa m'ma 1990, inakhala m'madirowa zaka zoposa makumi awiri.

Chomwe chinagwedeza boma chinachokera kunja, ndipo zimenezi zimandiwawa. Mu 2009 bungwe la Plan International linafalitsa lipoti losonyeza kuti ana othyola fodya wonyowa amamwa chikonga kudzera pakhungu, chomwe chimatha kufanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azigwidwa pa madoko ake kufikira wogulitsa atasonyeza kuti sanalimidwe ndi ana kapena anthu okakamizidwa. Misika itayamba kutsekeka, zomwe zinakanika zaka makumi awiri zinatheka msanga: mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti.

Lero, amene ali ndi anthu m'munda mwake akuyenera kuwalemba ngati antchito: mgwirizano wolembedwa, malipiro osatsika pa mlingo womwe boma laika, kapepala kosonyeza zomwe munthu walandira ndi zomwe zachotsedwa, zovala zodzitetezera pothira mankhwala, ndi kaundula wa aliyense wosakwana zaka 18. Sindikupeputsa mtolo umenewu. Mabwana ambiri a lero ndi alimi a maekala ochepa omwe ndalama amaiona kamodzi pa chaka, mabelo akagulidwa ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu, pomwe wantchito ayenera kulandira mwezi ndi mwezi kuyambira pa nazale. Popanda ngongole yolipirira antchito, ena angosintha dzina, tenanti n'kumatchedwa waganyu, buku lili lomwe lija. Makampani ogula fodya pa kontirakiti amatumiza alangizi awo kukayendera alimi, koma a ku ofesi ya leba, omwe ali ndi mphamvu yotsegula bukulo ndi kufunsa mafunso, kawirikawiri amasowa ndi mafuta omwe a njinga yamoto yokafikira ku esiteti yomwe ili makilomita 60 kuchokera pa boma, msewu wake woterera mvula ikagwa, nthawi yomwe ana amakhala ali m'mizere ya fodya.