Mbiri ya Nyama Yochokera ku Mbewu

Zakudya zochokera ku mbewu koma zokonzedwa kuti zimveke ngati nyama m'kamwa zinayambira ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo. Chibuda chitazika mizu m'dzikolo, amonke ankatsata lamulo losadya chilichonse chophedwa. Mfumu Wu ya ufumu wa Liang, yomwe inalamulira kuyambira 502 mpaka 549, inalimbikitsa kwambiri lamuloli, moti mu 517 inaletsa kupha ziweto popereka nsembe kwa makolo, n'kulamula kuti m'malo mwake aziumba zifaniziro za ziwetozo ndi ufa. Kunyumba za amonke kunkafikanso alendo, ena mwa iwo anthu olemera ozolowera nkhumba ndi bakha, choncho ophika anayenera kupeza njira yoti mlendo akhute osadandaula nkhuli.

Zida zawo zazikulu zinali ziwiri. Choyamba chinali tofu. Soya amamuviika m'madzi, kumupera, kumuwiritsa ndi kumusefa mpaka patsale madzi oyera okhala ngati mkaka. M'madziwo amathiramo mchere wina wochokera m'nyanja kapena m'miyala kuti aundane, kenako amafinya zoundanazo pansalu. Nthano za ku China zimati anatulukira tofu ndi kalonga Liu An wa m'nthawi ya ufumu wa Han, koma zolembedwa zodalirika zimayamba kumutchula cha m'ma 960. Buku la Tao Gu la nthawi imeneyo limasimba za mkulu wina wa boma wosakonda kuwononga ndalama, yemwe ankagula tofu tsiku ndi tsiku m'malo mwa nyama. Nkhani ya mtengo, tsono, inalimo kale kuchiyambi komweko, pambali pa nkhani ya chipembedzo.

Chachiwiri chinali ulimbo wa mu ufa wa tirigu. Munthu akakanda ufa wa tirigu n'kumautsuka m'madzi mobwerezabwereza, zoyera zonse zimapita ndi madzi, m'manja n'kutsala chinthu chonanda, chokokeka, chomwe pafupifupi chonse ndi mapuloteni. Chikaphikidwa chimalimba ndipo chimatafunika, zomwe tofu wamba sachita. Ophika a ku China ankachikazinga, kuchiphika mu msuzi wa soya, ndipo nthawi zina ankachikutira ndi kakhungu kamene kamayandama pamwamba pa mkaka wa soya ukamawira, kuti chioneke ngati bakha wa chikopa chake. Masiku ano chakudyachi chimadziwika m'mayiko ambiri ndi dzina lakuti seitan. Pachilumba cha Java ku Indonesia anthu anapeza njira ina: soya wophika amamukulunga m'masamba a nthochi, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri chuku choyera chimamanga nyemba zonse kukhala chibuma chimodzi chotheka kudula ndi mpeni. Chimenechi ndi tempeh, ndiwo ya anthu wamba kumeneko mpaka lero.

Ku America nkhaniyi inayambikanso ndi chipembedzo, koma inavala malaya a zaumoyo. Mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe unakhazikitsidwa mu 1863, unkaphunzitsa kuti kusadya nyama kumasunga thupi. Dokotala John Harvey Kellogg, yemwe anayamba kuyang'anira chipatala cha mpingowu ku Battle Creek m'dera la Michigan mu 1876, anali ndi odwala ambirimbiri ofunika kuwadyetsa popanda nyama. Mu 1896 anatulutsa Nuttose, chakudya cha m'chitini chopangidwa ndi mtedza wopera, ndipo patangopita zaka zochepa kunabwera Protose, wosakaniza mtedza ndi ulimbo wa tirigu uja. Protose anagulitsidwa kwa zaka pafupifupi 100. Makampani ena oyambitsidwa ndi anthu a mpingowu, monga Worthington Foods ya mu 1939, anapitiriza ntchitoyi, ndipo kwa nthawi yaitali ogula ambiri anali a mpingo womwewo. Chiphunzitso chomwechi chinafika kuno ku Malawi kudzera ku mishoni ya Malamulo ku Thyolo, yomwe a Adventist anaitenga mu 1902, ngakhale kuti zitini za Protose sizinakhale ndiwo ya m'midzi ya kuno.

Chimene chinasintha zinthu kotheratu ndi mafuta ophikira. Nyemba ya soya imakhala ndi mafuta pafupifupi 20 peresenti ndi mapuloteni oyandikira 40 peresenti. Alimi a ku America atayamba kulima soya wambiri m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, mafakitale ankayenga mafuta n'kutsala ndi milumilu ya keke yomwe inkapita kukadyetsa nkhuku ndi nkhumba. Panali funso loti kodi kekeyo angaidye bwanji munthu mwachindunji, osadikira kuti iyambe yadutsa m'mimba mwa chiweto. Robert Boyer, katswiri yemwe anagwirapo ntchito kwa wopanga magalimoto Henry Ford, anapeza njira yopota mapuloteni a soya kukhala ulusi, poyamba pofuna kupanga nsalu, kenako anazindikira kuti ulusi womwewo ukaunjikidwa umafanana ndi mnofu. Njira yakeyo inkadya ndalama zambiri. Yotsika mtengo inapezeka m'ma 1960 ku kampani ya Archer Daniels Midland. Ufa wa soya wochotsedwa mafuta amaunyowetsa n'kuulowetsa m'chipaipi chachitsulo momwe muli chitsulo china chopotana chomwe chimazungulira. Ufawo umapanikizika ndi kutentha kupitirira madigiri 150, mapuloteni ake n'kusungunuka ndi kundandalikana mbali imodzi. Ukamatulukira pakabowo ka kumapeto, madzi a m'kati amasanduka nthunzi mwadzidzidzi, phalalo n'kufufuma monga chimachitira chimanga cha mbuliwuli. Akachidula n'kuchiumitsa, chimasungika miyezi yambiri popanda firiji. Zimenezi ndi zomwe amazitcha TVP ku America.

Sizinalowe m'nyumba za anthu ndi ulemu. Mu 1971 boma la America linalola kuti m'chakudya cha ana asukulu, gawo lofika 30 peresenti la nyama lilowedwe m'malo ndi soya wotereyu, ndipo mu 1973, nyama ya ng'ombe itakwera mtengo, masitolo anayamba kugulitsa nyama yogaya yosakaniza ndi soya. Mitengo itatsika anthu anabwerera ku nyama yawo, soya n'kutsala ndi mbiri yoti ndi chochulukitsira ndiwo m'masukulu ndi m'ndende. Ku Britain anayesa njira ina. Poopa kuti dziko lidzasowa mapuloteni, kampani ya Rank Hovis McDougall inafufuza tizamoyo ta m'dothi, ndipo mu 1967 inapeza mtundu wa chuku chotchedwa Fusarium venenatum, chomwe chimakula ngati timaulusi. Anachiweta m'matanki akuluakulu, ndipo mu 1985 chinayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Quorn. Ku South Africa banja la a Fry linayamba kupanga masoseji ndi mabaga opanda nyama ku Durban mu 1991.

Ku Malawi ndi ku Zambia, nyama ya soya, yomwe ambiri amangoti soya pisi, inafika popanda chiphunzitso chilichonse. Soya anali kale mbewu yodziwika kwa alimi a ku Mchinji, Lilongwe, Kasungu ndi Dedza, ndipo amayi ankamudziwa kudzera m'Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya womwe dzina lake linachokera ku chipatala cha mishoni ya Likuni. Koma phala ndi la ana ndi odwala. Soya pisi analowa m'mbale ya ndiwo. Amagulitsidwa m'timapaketi ting'onoting'ono pa okala, saola ngakhale m'nyumba mulibe magetsi, ndipo amapsa msanga osatha makala. Ophika amamuviika m'madzi otentha, kumufinya, kumukazinga m'mafuta mpaka afiire, kenako n'kuthira anyezi ndi tomato. Wodumpha kukazingako amapeza ndiwo yolobodoka, yomveka fungo la nyemba yaiwisi. Ophunzira a m'sukulu zogonera komweko, a m'makoleji ndi mabanja a m'tauni pamene mwezi wapita patali ndi amene amamudziwa bwino. Pafupifupi onsewa sanasiye nyama, akaipeza amadya.

Gulu latsopano la zakudyazi linabwera ndi chifukwa china: kuchuluka kwa malo, madzi ndi mpweya woipa zomwe kuweta ng'ombe kumafuna ndi kutulutsa. Ku America, Ethan Brown anayambitsa kampani ya Beyond Meat mu 2009, ndipo Patrick Brown, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Stanford, anayambitsa Impossible Foods mu 2011. Awiriwa si pachibale. Cholinga chawo chinali kukopa anthu okonda nyama, osati amene anaisiya kale. Beyond Meat inatenga mapuloteni a nsawawa, mafuta a kokonati kuti baga izichucha ikamawotchedwa, ndi madzi a bitiruti kuti izioneka yofiira. Impossible Foods inalowa mozama. Akatswiri ake ananena kuti kukoma kwa nyama kumachokera makamaka ku heme, kanthu kokhala ndi ayironi komwe kamafiiritsa magazi ndi mnofu. Mlimi aliyense amene anazulapo soya n'kuphwanya timatuza ta kumizu yake anaona kuti m'kati mwake ndi mofiirira. Mmenemo muli puloteni yokhala ndi heme. Kukumba mizu sikukanakwanira, choncho kampaniyi inasintha chibadwa cha yisiti kuti azipanga puloteniyo m'matanki. Baga yake inatuluka mu 2016, ndipo mu 2019 inalowa m'malesitilanti a Burger King. Chaka chomwecho Beyond Meat inayamba kugulitsa masheya ake, omwe anakwera kwambiri, koma patapita zaka zochepa malonda anachepa ndipo masheyawo anagwa. Ambiri analawa kamodzi kapena kawiri n'kulekera pomwepo.

Poyerekeza ndi nyama yeniyeni, mbali ya mapuloteni ndi imene ilibe vuto lalikulu. Soya pisi wouma amakhala ndi mapuloteni pafupifupi theka la kulemera kwake, koma akamwa madzi amalemera kawiri kapena katatu, motero m'mbale mapuloteni ake amacheperako poyerekeza ndi nyama ya ng'ombe yophika, yomwe imakhala ndi pafupifupi 26 peresenti. Puloteni ya soya ili ndi zonse zofunika pomanga thupi, pamene ya tirigu imaperewera ndipo imafuna nyemba pambali. Soya pisi alibe cholesterol, mafuta ake ndi ochepa, ndipo amathandiza m'mimba kugaya bwino, zomwe nyama sichita. Kumene amagonja ndi pa vitamini B12, yemwe sapezeka mu soya pokhapokha ngati wopanga wachita kuthiramo, ndipo kusowa kwake kumachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha. Ayironi wa mu soya thupi limamuyamwa movutikira kusiyana ndi wa m'nyama, ngakhale kuti tomato kapena chipatso chokhala ndi vitamini C chimathandiza. Mabaga amakono aja amafika pa mapuloteni a nyama, koma mafuta ake sachepa kwenikweni, ndipo mchere umachuluka kuposa wa m'nyama yosakonzedwa.

Pa kakomedwe, zakudyazi zimapambana pamene nyamayo inali yogaya kale. Mu soseji, mu samusa kapena mu msuzi wothira zokometsera zambiri, anthu ena salekanitsa. Nthuli yathunthu ndi nkhani ina. Mnofu uli ndi ulusi wautali wolukana ndi mafuta ndi mitsempha, ndipo zonsezi zimapsa mosiyana. Makina amatha kundandalika mapuloteni, koma kuluka mafuta pakati pake n'kovuta. Fupa nalo palibe, choncho msuzi wokhathamira wa mang'ina kapena wa nkhuku yachikuda sungatuluke mu soya. Soya payekha sakoma kanthu, amangotenga kukoma kwa zomwe waphikidwa nazo.

Mitengo nayo imasiyana malinga ndi dziko. Ku America ndi ku Ulaya, baga ya mbewu nthawi zambiri imadula kuposa nyama yogaya, chifukwa imadutsa m'makina ambiri, ndipo imapikisana ndi mafakitale a nyama akuluakulu omwe anakhazikika kalekale. Soya pisi wa pa okala amachokera ku zotsalira za poyenga mafuta, amadutsa m'makina ochepa, ndipo amanyamulidwa wouma, n'chifukwa chake paketi yokwanira banja lonse imagulidwa pamtengo wotsika kwambiri kuposa theka la kilogalamu ya nyama ya kubutchala.