Kadontho ka madzi kotsekeredwa m'mwala

Amayi oswa miyala kumaenje a ku Kuku ndi ku Misisi amaudziwa bwino mwala wa mu Lusaka. Amaona tsiku lililonse timizere toyera todutsa pakati pa mwala wotuwa. Timizereto ndi njira zimene madzi anadutsamo kalekale: zomwe ananyamula zinaundana m'ming'alu n'kusanduka mwala. M'kati mwa mwala woyera wotero mumatsalira timadontho ta madzi omwewo, tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo nyundo ikagunda timatayika osaonedwa.

Zinatenga nthawi kuti anthu aphunzire kufunsa timadonthoti mafunso. Al-Biruni anatchulapo za madzi a m'miyala zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, koma amene anatsegula njira ndi Henry Clifton Sorby wa ku Sheffield. Mu 1858 iye anaona pa maikulosikopu kuti m'kadontho kotere mumakhala kathovu. Anaganiza motere: madzi anatsekeredwa ali otentha, atadzaza malo onse; atazizira anafota, kathovu n'kubadwa. Ndiye ukautenthetsa mwalawo mpaka kathovu kazimiririke, wayandikira kutentha kwa tsiku limene unapangika. Ganizo losavuta chonchi anzake ambiri analikayikira kwa zaka pafupifupi 100.

Chitsulo cha molybdenum chinali ndi ulendo wakewake. Mwala wake, molybdenite, ndi wofewa, wotuwa, ndipo umalemba papepala ngati pensulo, choncho anthu ankausokoneza ndi mtovu. Carl Scheele wa ku Sweden anausiyanitsa mu 1778, ndipo Peter Hjelm anatulutsamo chitsulocho mu 1781. Chinayamba kufunidwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, atazindikira kuti kachigawo kochepa chabe kamalimbitsa zitsulo za mizinga ndi akasinja. Mgodi wa Climax ku Colorado unayamba kutulutsa miyala mu 1918.

Nkhani ziwirizi zinayamba kukumana m'zaka za m'ma 1960. Edwin Roedder wa ku United States Geological Survey anakonza kachipangizo kotenthetsa ndi kuziziritsa mwala uli pa maikulosikopu. Kuziziritsako n'kumene ine kumandisangalatsa kwambiri. Madzi amchere sagwira ayezi msanga, ndiye poona pamene kachidutswa komaliza ka ayezi kasungunukira, munthu amadziwa kuchuluka kwa mchere m'kadontho kamene sangakalawe n'komwe. Miyala ya m'migodi ya molybdenum ngati Climax ndi Henderson inaonetsa madzi otentha madigiri mazana angapo, kwina kuposa 500, ndipo ena anali ndi mchere wambiri moti m'kadonthomo mumaoneka kambulu ka mchere. Madziwo anachokera m'chiphalaphala cha pansi pa nthaka chimene chinkazizira kukhala granite. Anaphulitsa mwala, nathamangira m'ming'alu, ndipo pozizira anasiya molybdenite.

Kuno kwathu kadontho kananena zina. Ku Kansanshi, pafupi ndi Solwezi, makolo ankakumba mkuwa gulu la wofufuza migodi George Grey lisanafike mu 1899. M'mizere yoyera ya mgodiwu muli mkuwa, golide komanso molybdenite wochepa. Timadontho take ndi ta madzi otentha amchere wambiri, koma palibe chiphalaphala chimene chapezeka kuti ndicho chinawatulutsa. Akatswiri ambiri amaloza ku mchere umene nyanja zakale zinasiya zitaphwa, umene unasungunukanso pamene miyala ya chigawochi inkapanikizana n'kupindika.

Molybdenite wa ku Kansanshi ndi wochepa poyerekeza ndi mkuwa, koma anagwira ntchito ina yaikulu. M'kati mwake muli rhenium, amene amasanduka osmium pa liwiro lodziwika, ngati wotchi. Mu 2000 Heidie Torrealday ndi anzake anayeza wotchiyo napeza zaka pafupifupi 512 miliyoni ndi 502 miliyoni, kusonyeza kuti madzi otenthawo sanabwere kamodzi kokha. 

Ndimalakalaka ana a amayi a ku Kuku aja atafika ku sukulu ya zamigodi pa UNZA, n'kuika pa maikulosikopu kachidutswa ka mwala wa pamulu wa amayi awo, kuti adzionere okha kathovu kakunjenjemera m'kadontho.