Miyala ya m'chipululu ndi manda a ku Kakumbi

Kumpoto kwa mzinda wa Madina, m'dziko la Saudi Arabia, kuli malo otchedwa Al-Hijr, amene ena amawadziwa ndi dzina loti Madain Salih. Dzina la Al-Hijr si lachilendo kwa ife, pakuti ndilo dzina la Sura ya 15 ya Qur'an Yolemekezeka, ndipo Asilamu kuyambira kale akhala akugwirizanitsa malowa ndi mtundu wa Thamud ndi Mtumiki Salih (Mtendere ukhale pa iye). Kumeneko kuli manda akuluakulu 111 osemedwa m'matanthwe, ndipo akatswiri ofukula zakale amati anawasema ndi anthu a mtundu wa Nabataea zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Pamakomo a ena mwa mandawo pali malembo otchula mwini manda, chaka chimene anasemedwa, ngakhalenso dzina la mmisiri amene anagwira ntchitoyo. Malembowo akuwerengeka mpaka lero. M'chaka cha 2008 bungwe la UNESCO linaika Al-Hijr m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo anali malo oyamba a Saudi Arabia kulowa m'kaundulamo.

Chimene chasunga malo amenewa kwa zaka zonsezi, boma lisanaikepo mlonda ngakhale mmodzi, ndi chipululu chenichenicho. Kumene mvula sigwa kawirikawiri, mwala suchita ndere ndipo mizu ya mitengo sing'amba khoma.

Tsono, abale ndi alongo, tiyerekeze ndi kuno kwathu ku Nkhata Bay. Boma lino ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, n'chifukwa chake mitengo ya labala imakula bwino ku Vizara ndipo tiyi amabiriwira ku Kawalazi. Mvula yomweyo imene imatipatsa chinangwa ndi nthochi ndiyo imafufuta mapazi a makolo. Nyumba ya udzu ikasiyidwa dzinja ziwiri kapena zitatu imasanduka chulu. Bwato limaola pagombe, ndipo chimene mvula yasiya chiswe chimatsiriza. Nyanja nayo ili ndi gawo lake, monga tinaonera m'chaka cha 2024 pamene madzi anakwera ndi kumiza magombe ndi nyumba zambiri za m'mphepete.

Taganizani za malinga a Atonga. M'zaka za m'ma 1870, Atonga amene anathawa ulamuliro wa Angoni anasonkhana m'midzi yotchingidwa ndi malinga cha ku Chintheche ndi ku Bandawe, ndipo motsogozedwa ndi anthu monga Mankhambira anagonjetsa Angoni amene anawatsatira kunyanja. Imeneyi ndi nkhani yaikulu m'mbiri ya boma lino. Koma malingawo anali a mitengo, ndipo mitengo sidikira wolemba mbiri. Zimene zaoneka kukhalitsa ndi za amishoni a Livingstonia, amene anasamuka ku Cape Maclear chifukwa cha malungo ndi kukhazikika ku Bandawe m'chaka cha 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, asanasamutsirenso likulu lawo ku Khondowe mu 1894. Iwo anaumba ndi kuwotcha njerwa, anaika miyala yolembedwa pamanda awo, ndipo analemba makalata amene anasungidwa ku Scotland. Mlendo wofika ku Bandawe lero amaona tchalitchi chakale ndi manda a amishoni, ndipo akhoza kuganiza kuti mbiri ya dera lino inayamba ndi kufika kwa Azungu. Akatero walakwa, koma kulakwa kwake n'komveka: waona zokhazo zimene mvula inalephera kudya.

Wotsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kulowera kumwera amafika ku Nkhotakota, kumene nkhani imatikhudza ife Asilamu mwachindunji. Kumeneko kunakhazikika Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, cha m'zaka za m'ma 1840, ndipo kudzera mwa a Jumbe Chisilamu chinazika mizu m'chigawo chimenechi cha nyanja. Koma a Jumbe omwewo ankawolotsa minyanga ndi akapolo pa zombo zawo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Mbiri yoona iyenera kunena zonse ziwiri, ndipo sitipindula kanthu pobisa chimodzi. Ulamuliro wawo unatha m'zaka za m'ma 1890 pamene Angelezi anachotsa Jumbe wotsiriza ndi kumutumiza ku Zanzibar. Chodabwitsa n'chakuti chikumbutso chodziwika kwambiri cha nyengo yonseyi ndi mtengo wa mkuyu, umene anthu amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe patsinde pake, ndipo mtengowo umatchedwa ndi dzina la mlendoyo osati la mwini mudzi.

Malo amene ali pamtima pa tawuni ya Nkhata Bay ndi a posachedwapa kuposa onsewa. M'bandakucha wa pa 3 Marichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse la Nyasaland. Dr Hastings Kamuzu Banda anamangidwa ndi kutumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, ndipo atsogoleri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'maboma onse. Ena mwa ogwidwa a m'chigawo cha kumpoto anaikidwa m'sitima ya Mpasa, imene inaima padoko la Nkhata Bay. Mbiri itamveka m'midzi, khamu la anthu linatsikira kudoko kukafuna kuti abale awo amasulidwe. Bwanamkubwa wa boma, John Brock, anali ndi apolisi ochepa, ndipo kwa maola angapo analimbana ndi khamulo ndi mawu okha kufikira pamene asilikali anafika pamsewu. Asilikaliwo anawombera anthu amene analibe mfuti.

Palibe malo ena m'dziko muno pamene anthu ochuluka chotere anaphedwa nthawi imodzi m'chipwirikiti cha chaka chimenecho. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin linalemba kuti anthu 20 anafa ku Nkhata Bay, mwa anthu 51 amene linawerenga m'dziko lonse. Anthu a kuno amawerenga oposa 30. Ophedwawo amakumbukiridwa pachipilala cha m'tawuni ndi kumanda a ku Kakumbi, kumene nkhata za maluwa zimaikidwa chaka ndi chaka pa 3 Marichi, tsiku limene Malawi yense amakumbukira anthu ofera dziko lawo.

Pa nkhani yoteteza zachilengedwe dziko lathu lachitapo zooneka. Lake Malawi National Park, kumwera kwa nyanja, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba, makamaka mbuna. Nkhalango ya Nkhotakota inayamba kuyendetsedwa mogwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2015, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundulamo mu 2006, ndipo phiri la Mulanje linatsatira mu 2025. Zonsezi n'zoyamikika. Komabe onani kuti ziwiri zomalizazi ndi za mwala, ndipo zojambula za ku Chongoni zapulumuka chifukwa zili pansi pa matanthwe pamene mvula sifika. Njovu zikatha m'nkhalango, zina zikhoza kubwera pa galimoto kuchokera kwina, monga zinachitikira ku Nkhotakota. Dzina la munthu wophedwa padoko likaiwalika, palibe nkhalango ina yokalitenga.

Kusiyana kwa 20 ndi 30 si nkhani ya masamu chabe. Pakati pa ziwerengero ziwirizo pali anthu oposa khumi amene anali ndi mayina, midzi ndi ana, koma sanalowe m'lipoti la atsamunda. Mmisiri wa ku Al-Hijr anasema dzina lake pathanthwe, ndipo tikuliwerenga patapita zaka 2,000. Za padoko la Nkhata Bay, zambiri zikadali m'mitu ya amene anaziona ndi maso, m'midzi ya Mkumbira, Timbiri ndi Mankhambira. Mnyamata kapena mtsikana amene anali ndi zaka 15 m'mawa umenewo tsopano wapitirira zaka 80.