Za Munthu Amene Anameza Buku la Mau, ndi Kamwana ka ku Mphero

Aphunzitsi anzanga, pali cinthu cimene tonse tacionapo m'masukulu mwathu. Mwana akhoza kuchula malamulo onse a galamala wa Cingelezi wosaphonya ndi limodzi lomwe. Koma akafika mlendo namfunsa njira m'Cingelezi comweco, mwana uja angoti cete, maso ali pansi, cala ca kuphazi cilikukumba dothi. Nthenda imeneyi siinayambe ndi ife. Ndifuna kukusimbirani za munthu amene anadwala nayo koposa, ndi za mankhwala amene anapeza.

Dzina lace ndiye François Gouin, wa ku Normandy m'dziko la France. Anabadwa caka ca 1831, namwalira caka ca 1896. Anali mphunzitsi wa Cilatini, ndipo akali mnyamata anamuka ku Hamburg kukaphunzira Cijeremani. M'malo mwa kuceza ndi eni cinenero, iye anadzitsekera m'cipinda, naloweza pamtima buku la galamala pamodzi ndi aneni 248 osatsata lamulo, m'masiku 10 okha. Atatero anakamvera mphunzitsi wina wa komweko, mtima uli m'malo kuti tsopano wadziwa. Koma sanamve ngakhale liu limodzi. Anabwerera kucipinda kuja, naloweza masinde a mau 800, osapindula kanthu. Anayesa kutembenuza mabuku a Goethe ndi Schiller, cimodzimodzi. Potsiriza anatenga buku la mau, nameza mau 30,000 m'masiku 30, kufikira maso ace anadwala nakhala nthawi wosapenya. Tisamseke munthuyu, pakuti sanali waulesi ai. Analima ndi mphamvu zace zonse, koma analima pathanthwe.

Pofika kwao ku France anapeza cozizwitsa. Kamwana ka mbale wace, kamene anakasiya kasanadziwe kulumikiza mau, tsopano kali ndi zaka 3, kanalikulankhula Cifalansa kosadodoma, kopanda buku, kopanda mphunzitsi. Tsiku lina anapita nako kukaona mphero yoyenda ndi madzi. Kamwanako kanasuzumira ponse ponse, ndipo pobwera kunyumba kanayamba kakhala duu. Pambuyo pace kanafotokozera munthu ali yense zimene kanaona, mobwereza bwereza, nikayamba kusewera zamphero, kuthira mcenga m'timatumba, kusenza, kutula, pakamwa palikuchula nchito iri yonse pamene manja alikuicita. Gouin anapenyetsetsa, nazindikira zinthu ziwiri: kuti mwana agwira cinenero ndi ziganizo zathunthu zotsatana monga zitsatana nchito zace, ici coyamba, ico pambuyo, ndi kuti msana wa ciganizo ndiwo mneni, ndiye mau onena cocitika, si dzina la cinthu ai.

Zimenezi anazilemba m'buku limene linaturuka caka ca 1880, nilitembenuzidwa m'Cingelezi caka ca 1892. Njira yace, tikaibvala zobvala zakwathu, iri yotere. Mphunzitsi asankha nchito imodzi yodziwika kwa ana onse, monga kusonkha moto, naicita pamaso pao alikunena: I take the wood. I break it. I lay it between the stones. I blow the fire. Ana atsanza ndi manja ndi pakamwa pomwe. M'mawa mwace afunsa mmodzi zimene anacita dzulo, namthandiza kunena took, broke, laid, blew. Taonani, onse anai ndiwo a mtundu womwe uja wa aneni osatsata lamulo umene unasautsa Gouin ku Hamburg. Koma pano alowa m'mutu alikununkha utsi, ndipo saiwalika msanga. Lamulo licedwe, lidze pamene ana aciona kale cinthu cimene lamulolo linena.

Wina amene anayenda m'njira yofanana ndiye Harold Palmer wa ku England, amene anayamba kuphunzitsa Cingelezi ku Verviers m'dziko la Belgium, naitanidwa ku Japan caka ca 1922 kukalangiza za maphunzitsidwe a Cingelezi. Caka ca 1925 iye ndi mwana wace wamkazi Dorothée anaturutsa buku lochedwa English through Actions, la kulamula ana kuimirira, kutenga, kupatsa, kuti khutu ndi thupi zitsogole, lilime litsate.

Koma ndiyenera kunena cimene ndiciona copelewera m'njira zimenezi. Mwana wonena kuti alikuthyola nkhuni, pamene onse alikumuona alikuthyola, sanauze munthu kanthu. Palibe acita comweco kumudzi, koma wamisala. Tilankhula cifukwa mnzathu sadziwa cimene tidziwa ife, kapena ali naco cimene tifuna. Ici cinazindikirika bwino patapita zaka zambiri, makamaka kuyambira 1972, pamene Dell Hymes wa ku America anamveketsa kuti kudziwa cinenero sikuli kupanga ziganizo zolungama kokha, komanso kudziwa conena, kwa yani, ndi pa nthawi yanji. Ife amene titi "iwe" kwa mwana ndi "inu" kwa mkulu sitisowa wotiuza zimenezo. Ndipo ku India, kuyambira 1979 kufikira 1984, N. S. Prabhu ndi anzace a ku Bangalore anayesa kuleka phunziro la malamulo, napatsa ana zocita zofuna nzeru: kupeza njira pa mapu, kapena kuwerenga nthawi za sitima zapamtunda ndi kusankha yokwera, zonse m'Cingelezi, kuti galamala amere yekha pamene mtima uli pa kupeza yankho.

Ine sindifika pakutaya malamulo onse monga iwo, pakuti mwana wamkulu afuna kudziwa cifukwa, ndipo mayeso alikumlindira. Cimene ndicita ndi ici. Titatha kusonkha moto wathu uja, ndituma mwana mmodzi kuseri kwa nyumba ya sukulu akacite nchito zitatu zimene asankha yekha, wina alikumuona. Otsalawo ayenera kuzipeza ndi mafunso a Cingelezi okha. Did he break a stick? No, he did not. Pamenepo did aturuka kakhumi m'kanthawi kocepa, ndipo amene ati did he broke amva mnzace alikumkonza ine ndisanatsegule pakamwa. Phokoso licuruka ndithu, cotero nkwabwino kuyamba mwauza mphunzitsi wa cipinda coyandikana.