MALOTO OOPSA: ZIMENE NKHONDO YA 1914 IDAPHUNZITSA MADOKOTALA

Liwu limene Angerezi amatchulira maloto oopsa, lakuti nightmare, lili ndi mbiri imene eni ake ambiri adaiwala kale. Chigawo chake chachiwiri, mare, sichinena za kavalo wamkazi monga ena amaganizira ayi. M'Chingerezi chakale limeneli linali dzina la chiwanda chimene ankati chimalowa m'nyumba usiku n'kukhala pachifuwa pa munthu wogona, kumupsinja mpaka alephere kupuma. Mu 1781 Henry Fuseli adachijambula pa chithunzi chimene chidadzidzimutsa anthu a mu London atachionetsa chaka chotsatira: mkazi wagona chagada, mutu ndi manja zili lende, ndipo kachiwanda kakhala chonjuta pamwamba pake. Amene adamvapo mnzake akufotokoza m'mawa kuti afiti adamukhalira usiku, iye n'kumayesa kukuwa koma mawu osatuluka, aona kuti pa nkhani iyi azungu sadali patali ndi ife. Kwa zaka mazanamazana yankho linali lomwelo: choopsacho chimachokera kunja kwa munthu.

Madokotala atayamba kuchita manyazi ndi ziwanda, adachotsa chiwandacho koma adasiya kulemera kwake. John Bond, amene iye mwini ankavutika ndi zimenezi, adalemba buku mu 1753 nati mlandu ndi wa magazi: munthu akakhuta kwambiri madzulo n'kugona chagada, magazi sayenda bwino, chifuwa n'kulemedwa. Tisamuseke kwambiri, pakuti pa za kugona chagada tidzaona kuti adalasa.

Kenaka kudabwera Sigmund Freud wa ku Vienna. Buku lake lomasulira maloto lidatuluka kumapeto kwa 1899, ngakhale pachikuto adalembapo 1900, ndipo makope 600 oyamba adatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti athe. Freud adati loto lililonse ndi chilakolako chimene chakwaniritsidwa mobisa. Nanga loto loopsa? Iye adati nalonso ndi chilakolako, koma chonyansa kwambiri kotero kuti mwiniwake akachiona chikuyandikira amachita mantha n'kudzambatuka. Nzeru imeneyi idali yomukomera mwini wake, chifukwa ukanena kuti iwe sudalakalakepo zoterozo, iye ankati kukana kwakoko ndiwo umboni. Chimene chidaigwedeza kwenikweni ndi nkhondo.

Kuyambira mu 1914 asilikali a ku Ulaya adakhala miyezi yambirimbiri m'ngalande zamatope ku France ndi ku Belgium, mabomba a mizinga akugwa usana ndi usiku. Pasanathe chaka zipatala zidayamba kulandira anthu opanda bala lililonse koma onjenjemera, ena osayankhula, ena osayenda, ndipo ambiri a iwo okuwa kutulo. Mu Febuluwale 1915 Charles Myers adalemba za iwo m'magazini ya madokotala ya The Lancet, nagwiritsa ntchito dzina lakuti shell shock, pakuti anthu ankaganiza kuti kuphulika kwa bomba kumagwedeza ubongo. Dzinalo lidamera mizu, ngakhale zidadziwika msanga kuti ena mwa odwalawo bomba silidawaphulikire pafupi n'komwe. Pofika kumapeto kwa nkhondo gulu lankhondo la Britain linali litaona odwala otere pafupifupi 80,000. Akuluakulu ambiri ankangoti ndi mantha. Ku London dokotala Lewis Yealland ankawagwiritsa magetsi pakhosi mpaka ayankhule. Asilikali 306 a Britain ndi maiko ake adawomberedwa ndi anzawo omwe pa milandu ngati ya mantha ndi kuthawa nkhondo, ndipo boma lidawakhululukira mu 2006, patapita zaka pafupifupi 90.

Tsono kunja kwa mzinda wa Edinburgh kunali chipatala cha Craiglockhart, kumene mu Okutobala 1916 kudafika dokotala wachibwibwi, W. H. R. Rivers. Nkhondo isanayambe munthuyu adayenda ku zilumba za Torres Strait mu 1898, kenaka pakati pa mtundu wa Atoda ku India, kufufuza miyambo ndi zibale za anthu. Ndikhulupirira kuti kumeneko n'kumene adaphunzira ntchito imene madokotala a nkhondo ambiri sankaidziwa, yokhala pansi ndi kumvetsera munthu osamudula mawu. (Olemba ndakatulo a m'gulu lathu akondwa kumva kuti Siegfried Sassoon anali wodwala wa Rivers mu 1917, ndi kuti Wilfred Owen, amene ankavutika ndi maloto a nkhondo m'chipatala chomwecho, anali mkonzi wa kamagazini ka odwala kotchedwa The Hydra. Owen adabwerera kunkhondo naphedwa pa 4 Novembala 1918, patatsala sabata imodzi kuti mfuti zileke kulira.)

Rivers adaona kuti pafupifupi odwala ake onse adalandira malangizo amodzi kuchokera kwa madokotala, abale ndi abwenzi: iwala, usaganizenso za nkhondo, yang'ana maluwa ndi mapiri. Masana anyamatawo ankayesadi, ena ngakhale nyuzipepala osaigwira. Koma munthu sangalondere maganizo ake ali m'tulo. Zimene adazitsekera kunja tsiku lonse zinkalowa usiku ndi ukali woposa, mpaka ena ankaopa ngakhale kuona bedi. Pa 4 Disembala 1917 Rivers adaimirira pamaso pa madokotala anzake a Royal Society of Medicine nawauza kuti kuiwala kokakamizako ndiko kunkadyetsa matendawo.

Mwa odwala amene adawafotokoza, mmodzi anali ofesala amene adapita kukafuna mnzake wapamtima napeza thupi lake litanyenyedwa ndi bomba, mutu ndi miyendo zili payokhapayokha. Kuyambira pamenepo ankalota mnzakeyo usiku ndi usiku, nthawi zina ali wonyenyekanyenyeka, nthawi zina atadyeka ngati wakhate, akumuyandikira pang'onopang'ono mpaka iye adzuke thukuta lili kamukamu. Rivers sadamuuze kuti aiwale. Adafunafuna mbali imodzi ya chinthucho imene munthu angathe kuiyang'ana, ndipo adaipeza: thupi lonyenyeka chomwecho ndi umboni wakuti mnzakeyo adafa nthawi yomweyo, sadagone pabwalo akubuula ndi mabala monga ena ambiri. Ofesalayo anali asanaganizepo zimenezi. Masiku angapo sadalote kanthu. Kenaka adalotanso ali pamalo pomwe paja, thupi lili momwemo, koma mantha panalibe. Adagwada n'kuyamba kutola zinthu za mnzakeyo kuti akapereke kwa abale ake, monga adachitira tsiku lenilenilo. Usiku wina adalota akucheza naye, akumusimbira za matenda ake.

Rivers sadabise kuti njirayi ili ndi malire. Ofesala wina adaponyedwa ndi bomba nakagwera chafufumimba pa mtembo wotupa wa msilikali wa Germany amene adafa masiku angapo m'mbuyomo. Mimba ya mtembowo idaphulika, zam'kati n'kumulowa m'kamwa. Apa dokotala adafunafuna mbali yopepukirapo osaipeza, ndipo mnyamatayo adangotulutsidwa usilikali kuti akakhale kumudzi, kutali ndi chilichonse chomukumbutsa nkhondo. Pa zonse zimene adaonazi Rivers adamanga ganizo limene lili m'buku lake Conflict and Dream, lotuluka mu 1923 iye atamwalira chaka cham'mbuyo: loto ndi kuyesa kwa maganizo kuthetsa vuto limene lamuima munthu pakhosi, ndipo loto loopsa ndi kuyesa kumene kwalephera. Freud naye adagonja pang'ono. Mu 1920 adavomereza kuti maloto obwereza ngozi imene munthu adaiona sangatchedwe kukwaniritsa chilakolako.

Tisaiwale kuti Craiglockhart inali ya maofesala okhaokha. Asilikali wamba ankapita ku zipatala zina monga cha Maghull pafupi ndi Liverpool. Nkhondo yomweyo idamenyedwanso ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo malinga ndi Melvin Page, mlembi wa The Chiwaya War, dziko la Nyasaland lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Pamene Rivers ankamvetsera maloto a maofesala ake, nyumba ya odwala misala ya ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1910, inali mbali chabe ya ndende. Mbiri ya maloto a nkhondo imene timawerenga m'mabuku ndi ya anthu ochepa amene adapeza wowamvetsera wokhala ndi cholembera m'manja.

Zimene zimachitika m'thupi zidadziwika pambuyo pake. Mu 1953, ku yunivesite ya Chicago, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman adalengeza kuti kangapo pa usiku maso a munthu wogona amathamanga uku ndi uku pansi pa zikope, ndipo ukamudzutsa pamenepo kawirikawiri amati amalota. Tulo timeneti, totchedwa REM, timabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse ndipo timatalika kukamacha, n'chifukwa chake maloto oopsa ambiri amadza mbandakucha. Mu 1959 Michel Jouvet wa ku Lyon adaonetsa, pofufuza amphaka, kuti pa nthawiyi minofu ya thupi imalefuka. Ubongo umamanga thupi kuti wolota asadzuke n'kumathamanga zenizeni. Koma nthawi zina munthu amatsitsimuka thupi lisanamasulidwe: maso akuona chipinda, manja ndi lilime zili zomangika, mpweya ukulowa pang'onopang'ono, ndipo zotsalira za loto zikuima pambali pa mphasa. Ichi ndicho chiwanda cha Fuseli, ndipo chimakondadi anthu ogona chagada ndi osagona mokwanira. Mu 1996 Pierre Maquet ndi anzake ku Liège adajambula ubongo wa anthu ali m'tulo ta REM, naona kuti kachigawo kamene kamasamala za mantha, amygdala, kamagwira ntchito kwambiri pamene mbali ina ya kutsogolo, yothandiza kulingalira, yatsika mphamvu. Pakati pa zonsezi, mu 1980, madokotala a maganizo ku America adalemba m'buku lawo matenda a PTSD, makamaka chifukwa cha kulimbikira kwa asilikali ochokera ku Vietnam ndi owayankhulira, ndipo maloto obwerezabwereza adawaika pakati pa zizindikiro zake.

Komabe nkhondo siyankha funso lonse, pakuti alipo anthu amene sadaonepo mfuti koma amalota zoopsa kuyambira ali ana. Ernest Hartmann wa ku Boston, amene bambo ake anali wophunzira wa Freud, adafufuza anthu otere ndipo m'buku lake la 1984 adati ndi anthu a malire opyapyala: omva chisoni msanga, okhulupirira anzawo msanga, okhudzidwa ndi zimene ena sazilabadira, ndipo ambiri okonda zojambula, nyimbo ndi zolemba. Awerengi a magazini ino adzifunse okha. Ku Finland, Christer Hublin ndi anzake adayerekeza mapasa zikwizikwi mu 1999 napeza kuti chibadwa chimatenga kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana kumene kuli pakati pa anthu pa nkhaniyi. M'dziko lomwelo kafukufuku wa 2013, wophatikiza mayankho a kuyambira 1972 mpaka 2007, adapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse anayi kapena asanu amalota zoopsa pafupipafupi, akazi kuposa amuna pang'ono, ndi kuti amene adamenya nkhondo yachiwiri ankalotabe kuposa anzawo patapita zaka makumimakumi. Zina n'zapafupi ndipo zimatha: malungo, nkhawa ya mayeso kapena ya ngongole, kuleka mowa mwadzidzidzi kwa munthu wozolowera kumwa, ndi mankhwala ena. Efavirenz, amene anali m'gulu la ma ARV amene anthu ambiri m'Malawi ankamwa mpaka kusintha kwa mu 2019, amadziwika ndi maloto achilendo, makamaka m'masabata oyamba.

Njira ya Rivers yosathawa loto idapeza adzukulu. Mu 1978 Isaac Marks ku London adalemba za wodwala amene adachira pobwereza loto lake masana mwadala. Mu 2001 Barry Krakow ku Albuquerque adalengeza zimene adapeza atayesa njira yofanana nayo pa akazi 168 amene adachitidwapo nkhanza zogwiriridwa. Theka la iwo lidaphunzitsidwa m'misonkhano itatu yokha kulemba loto lawo, kulisintha momwe afunira, ndi kuliganizira losinthalo kwa mphindi zingapo tsiku lililonse, ena adadikira. Mwa ophunzitsidwawo maloto oopsa adachepa, tulo tidakoma, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi kusinthako kunali kukadalipo.